Buku la zaupandu limalowa bwanji pa mndandanda wa mphoto? Ndalemba kamodzi kuti ndisamabwerezenso

Chaka chilichonse ikafika Januwale, anthu a ku America aja akangotulutsa maina a mabuku amene apikisane pa mphoto ya Edgar, ya mabuku a zaupandu, foni yanga siyipuma. Funso lake limakhala limodzi lomwelo, kumangosintha kafunsidwe: "Akulu, buku langa lija ndingalinominete bwanji?" Ena amati "tikavotere pati?" Mchemwali wina anachita kundiuza kuti wasonkhanitsa kale anthu 40 a kutchalitchi kwawo oti amuvotere, chomwe akudikira ndi linki basi. Ndinamumvera chisoni chifukwa ku Edgar kulibe linki yovotera, ngakhale mutabwera ndi mpingo wonse ndi kwaya yomwe.

Ine si jaji wa mphoto iliyonse. Ndimangokonda mabuku a zofufuza milandu kuyambira kale tikugula a kaunjika oyalidwa pansi m'mbali mwa msewu, ena opanda tsamba lomaliza moti wakuphayo umachita kumuganizira wekha, ndiye ndinazolowera kutsata mphotozi kuti ndidziwe buku loti ndisake. Ndinalowakonso mpikisano umodzi nkugwa, nkhani yake ili m'munsimu. Amene mundifunsenso ndizingokutumizirani izizi.

Tiyambe tamvana mawu, chifukwa chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. Kutumiza buku ku mphoto si nomineshoni. Zili ngati kufunsira ntchito: kalata mwaponya inde, koma simungapite kumudzi nkumakauza anthu kuti mwashotilisitidwa. Buku limayamba latumizidwa, majaji nkuwerenga, kenako amatulutsa mndandanda wautali umene amautcha longlist, pambuyo pake waufupi, shotilisiti ija, nkumalizira wopambana. Ku America mphoto zambiri zimangotulutsa mndandanda umodzi wa mabuku asanu kapena asanu ndi limodzi pa gulu lililonse, amene ali pamenepo ndiwo anominetedwa. Ngati dzina la buku lanu silinatuluke pa mndandanda wa eni mphotowo, musalembe pachikuto kuti linanominetedwa, anthu amafufuza ndipo manyazi ake ndi aakulu.

1. Dziwani kaye kuti mphoto mukuifunayo imasankhidwa ndi ndani

Makomo alipo atatu ndipo safanana mpang'ono pomwe.

Loyamba ndi la majaji. Edgar ili apa. Imaperekedwa ndi bungwe la Mystery Writers of America kuyambira 1946, dzinalo ndi la wolemba Edgar Allan Poe, nchifukwa chake maina a opikisana amatuluka cha pa 19 Januwale, tsiku limene iye anabadwa, ndipo opambana amalengezedwa ku New York kumapeto kwa Epulo kapena kuchiyambi kwa Meyi. Amene amawerenga ndi timakomiti ta olemba anzawo, amalandira mabuku mazanamazana pachaka. Ma Dagger a ku Britain nawonso ali khomo lomweli. Eni ake ndi Crime Writers' Association, bungwe limene John Creasey anayambitsa mu 1953, ndipo mphoto yawo yaikulu, Gold Dagger, inayamba mu 1955 ngakhale kuti nthawi imeneyo inali ndi dzina lina. Apa owerenga wamba tilibe chonena, tingodikira.

Lachiwiri ndi la anthu opita ku msonkhano. Anthony imaperekedwa ku Bouchercon, msonkhano waukulu wa okonda mabukuwa umene umasinthasintha mzinda chaka ndi chaka, 2023 unali ku San Diego, 2024 ku Nashville, 2025 ku New Orleans. Amene amalandira fomu yonominetera ndi okhawo analembetsa nkulipira msonkhano wa chaka chimenecho kapena wa chaka chatha, ndipo voti yomaliza imachitikira komweko. Agatha nayonso ndi choncho, ya msonkhano wa Malice Domestic umene umachitikira ku Maryland kufupi ndi Washington. Macavity amasankha ndi mamembala a Mystery Readers International. Ndiye mukamva wina akuti "ndinanomineta buku ku Anthony" akhoza kukhala akunena zoona, kungoti analipira kaye ndalama zolembetsera msonkhano.

Lachitatu ndi limene aliyense wa intaneti angavote, koma ngakhale apa simuyamba ndinu kusankha mabuku. Ndilifotokoza pa nambala 8.

2. Onani dziko ndi chaka chimene buku linasindikizidwa

Apa ndi pamene maloto ambiri amathera, ndipo malangizo ambiri amene mungawapeze sanena chifukwa olemba ake amakhala ku London kapena ku New York komweko, kwa iwo si nkhani.

Mphotozi sizifunsa kwenikweni kuti wolemba ndi wa kuti. Zimafunsa kuti buku linatulukira kuti, ndipo liti. Edgar imafuna buku limene latuluka koyamba ku America m'chaka chimene akuweruzacho. Ma Dagger amafuna limene latuluka ku Britain. Buku lanu ngati munasindikiza ku Blantyre kapena ku Lusaka nkumaligulitsa nokha m'maofesi ndi pa WhatsApp, kaya ndi lokoma bwanji, kwa iwo silinatulukebe. Si kunyoza, malamulo ake ndi amenewo. Kuwonjezera apo a Edgar ali ndi mndandanda wa makampani osindikiza amene amawavomereza, kampani ikakhala kuti palibe pamenepo buku silikhudzidwa nkomwe, ndipo cholinga chake nkutchinga makampani aja amene wolemba amachita kuwalipira kuti amusindikizire.

Koma lamulo lomweli lili ndi ubwino wake umene anthu sauona. Popeza amawerengera chaka chotulukira KWAWOKO, buku lakale kwanu likhoza kukhala latsopano kwa iwo. Chitsanzo chabwino ndi Deon Meyer wa ku South Africa, amene amalemba m'Chiafrikaans. Buku lake lina linatuluka kwawo mu 2008, la Chingerezi linadzatuluka mu 2010, chaka chomwecho linalowa pa shotilisiti ya Dagger ya mabuku omasuliridwa, ndipo mu 2011 linapambana mphoto ya Barry ku America. Zaka zitatu chitulukireni kwawo. Ndiye amene mumalemba m'Chichewa njira yake ndi imeneyo, yaitali koma ilipo: buku limasuliridwe m'Chingerezi, lipeze osindikiza a ku Britain, kenako lingathe kulowa Dagger ya zomasulira, imene amalemekeza wolemba ndi womasulira yemwe.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri: munthu amaika buku pa Amazon yekha mothamanga kuti "likhale la international", osadziwa kuti tsiku limenelo lalembedwa ngati tsiku loyamba kutuluka. Zaka ziwiri kutsogolo akapeza kampani yeniyeni nkulitulutsanso, funso limabwera loti kodi ili ndi latsopano kapena ayi, ndipo mwayi wa gulu la buku loyamba, umene munthu amakhala nawo kamodzi kokha moyo wake onse, ukhoza kukhala kuti unapita kale. Musanadine batani lotulutsira buku pa Amazon khalani pansi kaye muganize.

3. Sankhani gulu loyenera

Mabuku a zaupandu ali mitundumitundu ndipo mphoto iliyonse ili ndi kukonda kwake. Agatha imafuna nkhani za mtundu wa Agatha Christie, wolemba wotchuka wa ku Britain, munthu wafa inde koma osaonetsa magazi ali chuchuchu, zogonana zosaonekera poyera, nkhanza zosapyola, nthawi zambiri m'kamudzi kapena m'kagulu ka anthu odziwana. Wopambana amapatsidwa tiyipoti, zoona, ya tiyi yeniyeni. Ngati m'buku lanu mutu wa munthu ukudulidwa ndi chikwanje patsamba lachiwiri, kumeneko musatayeko nthawi.

Shamus ndi ya Private Eye Writers of America ndipo lamulo lake nlolunjika: wofufuzayo akhale munthu wolipidwa pa ntchito yofufuza koma osati wapolisi kapena wantchito wa boma. Kwei Quartey, wobadwira ku Ghana, analemba mabuku angapo a wapolisi wa CID wa ku Accra, amenewo sakanalowa. Atayamba nkhani za mtsikana wogwira ntchito ku kampani yofufuza yoima payokha, buku loyamba la nkhanizo linatenga Shamus mu 2021 ndipo linanominetedwanso ku Edgar chaka chomwecho. Wolemba yemweyo, mzinda womwewo, changosintha ndi amene amamulipira wofufuzayo.

Ku Edgar samalani ndi gulu la buku loyamba, dzina lake limanena poyera kuti ndi la olemba a ku America okha. Ife a kunja buku lathu loyamba limakapikisana ndi akuluakulu mu Best Novel, gulu la buku lopambana onse, kapena mu gulu la mabuku amene anatuluka koyamba a chikuto chofewa. Ku Britain kuli John Creasey Dagger ya buku loyamba ndipo siyiona za dziko la wolemba. Kulinso Ian Fleming Steel Dagger ya nkhani zothamangitsana ndi zaukazitape, ina ya nkhani za m'mbiri yakale, ina ya nkhani zazifupi, ina ya milandu yochitikadi. Mphoto ya Theakston ya ku Harrogate, ku England, ndi ya olemba a ku Britain ndi Ireland, imeneyo ife tingoonerera nkuvota.

4. Funsani osindikiza anu, musangoganiza kuti atumiza

Ngati muli ndi mwayi woti buku lanu latuluka ku Britain kapena ku America, amene amatumiza ku majaji nthawi zambiri ndi kampani yosindikiza, makamaka ku ma Dagger. Koma kampani imatulutsa mabuku ambiri ndipo si onse amene imawakumbukira. Lembani imelo yaulemu kwa mkonzi wanu kapena ejenti wanu (munthu amene amakuimirirani kwa makampani osindikiza) buku lisanatuluke nkomwe, mutchule mphoto ndi gulu lake, mufunse ngati atumize komanso liti. Zimenezi si kudzikweza, olemba onse amachita. Ku Edgar wolemba sachita kukhala membala wa bungwelo kuti buku lake liweruzidwe, ndiye wina asakunamizeni kuti mulipire kaye umembala.

5. Ngati buku silinasindikizidwe, khomo lanu ndi ili

Ambiri amene mumandifunsa muli pano, muli ndi machaputala angapo mu laputopu kapena mu kope la hadikava. Crime Writers' Association ili ndi mpikisano wa olemba amene sanatulutsepo buku, kwa zaka zambiri unkatchedwa Debut Dagger, masiku ano akuutcha Emerging Author Dagger. Aliyense wa dziko lililonse amalowa bola alembe m'Chingerezi. Amafuna mawu 3,000 oyambirira a bukulo ndi chidule cha nkhani yonse, chimene amachitcha synopsis. Mphoto ya ndalama ndi mapaundi 500, koma chokoma chenicheni si chimenecho, ndi choti ntchito za amene afika pa shotilisiti zimaonetsedwa kwa maejenti ndi makampani osindikiza. Alan Bradley wa ku Canada anapambana mu 2007 ali ndi zaka pafupifupi 70, ali ndi masamba ochepa chabe a buku limene anali asanalimalize, ndipo makampani anachita kulimbirana. Louise Penny nayenso anadzera khomo lomweli, sanakhale nambala wani koma anaonedwa, lero mabuku ake ali paliponse.

Musanalipire werengani malamulo a chaka chimenecho mzere ndi mzere, makamaka pa nkhani ya amene ali ololedwa. Kukhala ndi ejenti kale, kapena kontilakiti ya buku, kapena buku lathunthu limene munadzisindikizira nokha posachedwapa, zonsezi zikhoza kukutsekerani. Inu amene mumaponya nkhani zanu pa Facebook chigawo ndi chigawo, "tikumane mawa mu gawo 14", dziwani kuti mipikisano ina imatenga zimenezo ngati kusindikiza, ndiye buku limene mukufuna kukapikisana nalo lisungeni, ma like sadzakuthandizani kumeneko.

Dzina lanu lisaoneke pa masamba a nkhaniyo, majaji amawerenga osadziwa mwini wake. Chotsaninso pamwamba pa tsamba paja pamene Word imakonda kubwereza dzina, ndi pa dzina la fayilo. Mawu 3,000 ndi 3,000, osati 3,200 poganiza kuti sawerenga. Ndipo musadule pakati pa chiganizo kuti mukwanitse nambala, bola kuimira pa 2,700 pamalo pamene munthu angafune kutembenuza tsamba.

Masamba amenewa asathere pa kufotokoza m'mene dzuwa linatulukira kuseri kwa phiri, tambala kulira, amayi kusesa pabwalo. Tonse tinaphunzira kuyamba chimangirizo choncho ku pulayimale ndipo chizolowezicho sichichoka msanga. Jaji ali ndi mulu wa ntchito za anthu mazana, akafika tsamba lachitatu asanamve kuti pali china chalakwika, wapita. Sindikuti mtembo ugwe pa mzere woyamba ayi, koma fungo loti zinthu sizili bwino limveke msanga.

6. Chidule chija, pamene ine ndinagwera

Apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pamavuta kuposa pena paliponse ndipo anthu amangoti "lembani synopsis" ngati nkumwa madzi.

Chidule si mawu aja amalembedwa kuchikuto chakumbuyo okopa ogula. Amene aja amabisa mathero. Chidule cha majaji chimaulula ZONSE: wafa ndani, wamupha ndani, chifukwa chiyani, wofufuza wadziwa bwanji, ndipo pamapeto zatha bwanji. Majaji awerenga kale mawu anu 3,000 ndipo aona kuti mumatha kulemba chiganizo, tsopano akufuna aone ngati mungathe kusenza nkhani ya masamba 300 osaigwetsa panjira. Mukabisa wakuphayo iwo amangoganiza kuti inunso simukumudziwa.

Ine nkhani yanga inali ya msungichuma wa banki m'khonde amene anapezeka atafa m'dimba kutatsala sabata imodzi kuti gulu ligawane ndalama za chaka, wofufuza wake ndi Nabanda. Chidule changa chinatha motere, ndikuchikumbukira bwino chifukwa ndinkanyadira: "Kodi Nabanda adzatulukira chilungamo nthawi isanathe? Nanga ndani mwa amayi khumi ndi awiriwa ali ndi magazi m'manja?" Ndinkaona ngati ndawasiya majaji ali pakamwa yasa. Zoona zake ndinawapatsa mafunso amene iwo amayembekezera kuti ndiyankhe ineyo. Ndipo ndikadzifunsa bwinobwino, ndinabisa chifukwa ndinali ndisanasankhe pakati pa anthu awiri.

Chimene ndinayenera kulemba ndi chonga ichi: Bokosi la gulu lili ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana, ndiye aliyense akuganiza kuti wakuba anathyola. Nabanda akuona kuti maloko sanathyoledwe. Akukayikira mwamuna wa malemuyo chifukwa cha ngongole za kubawo, koma usiku umenewo iye anali m'chitokosi cha apolisi pa mlandu wa ndewu. M'kaundula wa ngongole akupeza maina awiri a anthu amene anamwalira chaka chatha koma akuoneka kuti akukongolabe, ndipo zolembazo ndi dzanja la wapampando. Wapampandoyo ndi amene anapha, chifukwa msungichuma anamuuza kuti akaulula pa tsiku logawana. Mwaona kusiyana? Apa jaji akuona msampha, akuona wokayikiridwa wabodza, akuona umboni umene ukutembenuza nkhani, ndipo akhoza kuweruza ngati zikugwirana.

Ndiye polemba chanu chitani izi. Tengani pepala mulembe kaye nkhani ya wakuphayo kuyambira pachiyambi, zimene zinachitikadi mwa ndondomeko yake, tsiku ndi ola. Pepala lina mulembe nkhani ya wofufuza, zimene akuzitulukira ndi nthawi imene akuzitulukira. Buku la zofufuza ndi nkhani ziwiri zimenezi, ina yoyenda chamtsogolo ina chobwerera, ndipo chidule ndi pamene mukuonetsa malo amene zikukumana. Pakakhala umboni umene wofufuza akuudziwa koma simungaloze pamene anaupeza, pamenepo pali dzenje, likwirireni musanatumize. Maina asachuluke, anayi kapena asanu akwana, enawo muziti mlamu wake, mlonda, mphunzitsi. Lembani ngati zikuchitika panopa, "akupeza", "akukayikira", ndipo musamadziyamikire m'katimo kuti "apa pali mathero odabwitsa kwambiri", kudabwa nkwa jaji osati kwa inu. Kutalika kwake tsatani nambala imene alemba m'malamulo a chaka chimenecho.

Kenako pali nthenda yathu ina imene ndiyenera kuitchula. Nkhani zambiri zimene anzanga amanditumizira zimayenda bwino mpaka pafupi ndi mapeto, kenako wolemba akathedwa nzeru amabweretsa sing'anga kuti aloze wakupha, kapena malemu abwera kumaloto, kapena wolakwayo wadwala mwakayakaya nkuulula yekha ali pamphasa. Anthu a m'nkhani yanu akhoza kukhulupirira ufiti, akhoza kupita kwa sing'anga, zimenezo ndi moyo weniweni ndipo zimakometsa nkhani, jaji wa ku London sanaziwerengepo kambirimbiri ngati m'mene wawerengera za mabawo a kwawo. Koma yankho la mlandu lichokere mu umboni umene owerenga anauona ndi maso awo. Lamulo limeneli ndi lakale, wolemba wa ku Britain Ronald Knox analilemba kale mu 1929 pa malamulo ake khumi a nkhani zofufuza, kuti zamizimu zisathetse mlandu. Ena mwa malamulo akewo anthu anawataya, koma ili likugwirabe. Owerenga amafuna akafika kumapeto amenye pachipumi nkunena kuti "aaa, zinali pomwepa ine osaona", osati kumva ngati mwawabera.

Mukamaliza mupatse munthu amene sanawerenge bukulo, makamaka wosakunyengererani, awerenge chidule chokhacho kenako akufotokozereni nkhaniyo pakamwa. Pamene akukakamira kapena kufunsa kuti "nanga uyu wachokera kuti", pamenepo mukonze.

7. Kulipira ndi tsiku lotsekera

Mpikisano wa Emerging Author Dagger uja uli ndi ndalama yolowera, mapaundi makumi angapo, ndipo amalipira pa intaneti ndi khadi. Kwa amene ali ku Britain kapena ku Joni ndi nkhani ya mphindi ziwiri. Kwa ife a kuno mukudziwa kale m'mene nkhani ya forex ilili, khadi ikhoza kukana popanda chifukwa chomveka kapena kupezeka kuti malire a ndalama zakunja a mwezi umenewo ndi ochepa. Ine chaka chimene ndinalowa ndinadikira tsiku lomaliza, khadi inakana katatu, magetsi nkuzima, laputopu ili pa 11 peresenti, ndinachita kudzutsa msuweni wanga wa kunja usiku kuti andilipirire ndipo mpaka lero amandikumbutsa pa maliro ndi pa ukwati pomwe. Yesani khadi yanu masabata awiri nthawi isanakwane, ikakana mukhale ndi mpata wopita kubanki kapena wopempha wachibale. Wina akakulipirirani onetsetsani kuti fomu ili m'dzina lanu ndi imelo yanu, ndipo risiti muisunge.

Mpikisanowu wakhala ukutseka cha kumapeto kwa Febuluwale. Nthawi imeneyo ife timakhala patsogolo pa Britain ndi maola awiri, koma maola awiri amenewo musawawerengere ngati anu, netiweki imadziwa tsiku loti ikukhumudwitseni.

Mukatumiza iwalani, pitirizani kulemba bukulo. Mindandanda ya ma Dagger imatuluka cha mu Epulo ndi Meyi, opambana mu Julaye. Musawalembere majaji kufunsa kuti zili pati, ndipo musawasake pa Facebook. Ngati mwalowa pa mndandanda ejenti akhoza kukufunsani buku lonse sabata yomweyo, ndiye miyezi yodikirayi ndi yolembera machaputala otsalawo.

Chenjezo lina pomwepa: mukangoyamba kusakasaka za mphoto mudzayamba kulandira maimelo okuuzani kuti buku lanu "lasankhidwa" pa mphoto ina ya dzina lalikulu, mungolipira madola mwakuti kuti mulandire satifiketi ndi sitika ya golide. Onani magulu ake, mukapeza alipo 80 kapena 100 ndipo majaji sakutchulidwa maina, imeneyo ndi bizinesi yogulitsa masitika. Mphoto zenizeni zimatchula opambana a zaka zonse zam'mbuyo ndipo mukawafufuza mabuku awo mumawapeza m'mashopu.

8. Kwa amene mumangofuna kuvota

Theakston Old Peculier Crime Novel of the Year, imene inayamba mu 2005 ndipo imaperekedwa mu Julaye ku Harrogate, imatulutsa mabuku 18 kenako 6, ndipo anthu amavota pa intaneti, mavotiwo nkuphatikizidwa ndi maganizo a majaji. Wopambana amatenga mapaundi 3,000 ndi kambiya kamtengo ka mowa, poti amene amathandiza mphotoyo ndi kampani yofulula mowa. Goodreads, webusaiti ya okonda kuwerenga mabuku, nayo imachititsa voti kumapeto kwa chaka, cha mu Novembala, ndipo ili ndi gulu la mabuku a mtundu umenewu, aliyense wa akaunti amavota pa mabuku amene iwo aika.

Ngati muli ndi ndalama ndi viza yopitira ku Bouchercon, ndiye muli ndi mphamvu kuposa tonsefe chifukwa fomu yonominetera ya Anthony idzakupezani pa imelo miyezi ingapo msonkhano usanachitike. Mumalemba maina a mabuku mpaka asanu pa gulu lililonse, otuluka chaka chathacho, ndiye muzisunga kandandanda ka zimene mwawerenga ndi chaka chake chifukwa pofika nthawiyo mudzakhala mutaiwala za mu Malichi. Voti ya anthu wamba imeneyi si yopeputsa, ndi imene inapatsa Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria mphoto ya Anthony ya buku loyamba ku Bouchercon ya ku Dallas mu 2019, gulu limene ku Edgar sakanaloledwa nkomwe.

Ndiye achemwali a anthu 40 aja, musawabalalitse. Auzeni atsegule akaunti ya Goodreads adikire Novembala, kungoti buku lanu silikhalapo chaka chino, avotere la wina. Inuyo bwererani pa nambala 6, munandiuza kuti wakupha m'nkhani yanu "adzadziwika m'buku lachiwiri".